Masabata asanu opanda mowa: zimene tinaona m'chipinda cha ovulala pa Chaka Chatsopano cha 2021

Ndine namwino wa m'chipinda cholandirira ovulala pa chipatala china cha boma m'chigawo cha Gauteng, ku South Africa. Kwathu ndi ku Malawi, ndipo Disembala aliyense akamayandikira anzanga amene tinaphunzira limodzi unamwino amandifunsa funso lomwelomwelo: kodi n'zoona kuti boma la kuno litaletsa kugulitsa mowa pa nyengo ya zikondwerero kumapeto kwa 2020, ngozi zapamsewu zinachepa? Ndikayankha kuti inde, ndimakhala ndabisa theka la nkhani. Ndikati ayi, ndanama. Choncho ndaganiza zolemba nkhani yonse monga mmene inayendera, kuyambira pamene zinthu zinayamba kuvuta mpaka pamene mowa unabwerera m'masitolo. Ndikulembera anamwino, madokotala, oyendetsa maambulansi ndi apolisi apamsewu. Odwala ndi anzanga a ntchito sindiwatchula mayina.

Disembala wa ku Joni

Amene sanakhaleko kuno ayenera kumvetsa kaye mmene mwezi umenewu umakhalira. Pofika pa 16 Disembala, lomwe ndi tsiku la tchuthi, makampani omanga nyumba ndi mafakitale ambiri amakhala atatseka, antchito alandira bonasi, ndipo anthu miyandamiyanda amanyamuka kupita kumidzi kwawo. Msewu wa N1 wopita ku Polokwane, Musina ndi kuchipata cha Beitbridge umadzaza usana ndi usiku. Wa N3 wopita ku Durban chimodzimodzi. A kwathu nawonso amakhala m'gulu lomwelo, m'mabasi okoka ngolo zodzaza ndi katundu, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowera ku Mwanza kapena ku Dedza. Otsala m'tauni amayamba kumwa Lachisanu, ena osalekeza mpaka Lolemba. Mliri wa Covid-19 usanabwere, dziko lino linkataya anthu pakati pa 12,000 ndi 14,000 pa chaka pa ngozi zapamsewu, ndipo masabata a zikondwerero okha ankatenga anthu oposa 1,000.

Kwa ife, zimenezi zimayamba kuoneka cha m'ma 10 koloko usiku ndipo zimafika pachimake pakati pa usiku mpaka kum'mawa. Wodwala akangolowa timamupatsa mtundu: wofiira aonedwe pompo, walalanje asadutse mphindi 10, wachikasu ola limodzi, wobiriwira maola 4. Usiku wa Chaka Chatsopano mabedi a ofiira amadzaza msanga, a mtundu walalanje amagona pa matirole m'khonde, obiriwira amakhala pansi atagwira nsalu pabala mpaka kutacha. Chipinda chonse chimanunkha magazi ndi mowa.

Ovulala a usiku wotere amagawika patatu. Ochuluka kuposa onse ndi obayidwa ndi mipeni, otemedwa ndi mabotolo ndi owomberedwa, kawirikawiri pa mkangano umene unayambira pamalo omwera. Kenako oyenda pansi amene agundidwa ndi galimoto, ndipo pano pali chinthu chimene anthu akunja kwa chipatala sachidziwa bwino: nthawi zambiri woledzera amakhala wogundidwayo, munthu amene watuluka m'shabini n'kumadutsa msewu waukulu mumdima. Gulu lachitatu ndi a m'galimoto, madalaivala ndi okwera. Lamulo la kuno limati dalaivala wamba asafike magalamu 0.05 a mowa pa mamililita 100 a magazi, ndipo woyendetsa basi, minibasi kapena lole asafike 0.02. Magazi a umboni ayenera kutengedwa pasanathe maola awiri. Usiku umene manja onse ali pa munthu amene akutaya magazi, maola awiriwo amadutsa wapolisi ali chiimire pakhomo ndi womangidwa wake, ndipo milandu yambiri ya kuyendetsa galimoto utaledzera imafera pamenepo.

Zimene tinali titaona kale chaka chomwecho

Chiletso cha Disembala sichinali choyamba. Dziko litatsekedwa pa 27 Malichi 2020, kugulitsa mowa kunaletsedwa mpaka kumapeto kwa Meyi. Chipinda chathu chinakhala zii, koma panalibe amene akanatha kunena motsimikiza kuti chachititsa ndi mowa, chifukwa anthu sankapita kuntchito, misewu inalibe magalimoto, aliyense anali m'nyumba. Pasaka wa chaka chimenecho anthu 28 okha ndi amene anafa pamsewu, poyerekeza ndi 162 chaka cha 2019. Chiwerengero chimenechi anthu amachitchula kawirikawiri pofuna kuyamikira chiletso, koma ine sindichigwiritsa ntchito, chifukwa msewu wopanda galimoto suchita ngozi.

Pa 1 Juni mowa unayambanso kugulitsidwa, ndipo sabata yomweyo ovulala anabwerera. Ndiyeno Lamlungu pa 12 Julayi usiku, Pulezidenti Cyril Ramaphosa analengeza kuti kugulitsa mowa kwaimitsidwanso kuyambira nthawi yomweyo, popanda chenjezo. Chiletso chachiwirichi chinafika pa 17 Ogasiti. Ichi ndicho chinatiphunzitsa zambiri, chifukwa ulendo uno anthu ankapita kuntchito, maminibasi ankayenda, masitolo anali otsegula, koma ovulala a Loweruka usiku anachepa moonekeratu.

Mmene Disembala 2020 anayambira

Kumayambiriro kwa mweziwo matenda a Covid-19 anali atayambanso kukwera, kuyambira ku Eastern Cape. Pa 14 Disembala boma linasankha njira yapakati. Masitolo a mowa anauzidwa kugulitsa Lolemba mpaka Lachinayi basi, kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Mabala ndi malo odyera azitseka 10 koloko usiku, ndipo munthu asapezeke panja kuyambira 11 koloko usiku mpaka 4 koloko m'mawa. Magombe ena a nyanja anatsekedwa. Pa 18 Disembala nduna ya zaumoyo inalengeza kuti kwapezeka mtundu watsopano wa kachilomboka, umene pambuyo pake unatchedwa Beta.

Njira yapakatiyi sitinaimve m'chipinda chathu. Anthu ankangogula Lachinayi mowa wokwanira masiku anayi, ndipo mabala anali otsegula madzulo onse. Khirisimasi inagwa Lachisanu, kotero kuti panali masiku atatu otsatizana a tchuthi. Masiku amenewo ndi amene sindidzawaiwala. Mbali ina ya chipatala kunali odwala amene akubanika, akudikira malo okhala ndi mpweya wa okosijeni. Mbali yathu kunali achinyamata obayidwa pachifuwa ndi ophwanyika m'galimoto, amenenso akufuna okosijeni, magazi, chipinda cha opaleshoni, ndipo ena makina opumira. Bedi la odwala mwakayakaya limene latengedwa ndi wovulala m'mutu silimasuka mawa lake. Limatha masabata. Anamwino ambiri anali kudwala kapena kubindikiritsidwa kunyumba, ndipo otsalafe tinkagwira mashifiti owonjezera. Pa 27 Disembala chiwerengero cha amene anapezeka ndi kachilomboka m'dziko lonse chinadutsa 1 miliyoni.

Chiganizo cha pa 28 Disembala

Lolemba pa 28 Disembala usiku pulezidenti analankhulanso. Kugulitsa mowa kunaletsedwa kotheratu, m'masitolo ndi m'mabala momwe, pamodzi ndi kuunyamula kupita nawo kokagulitsa. Nthawi yoletsa kuyenda inatalikitsidwa, kuyambira 9 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Misonkhano inaletsedwa kupatula maliro a anthu osapitirira 50. Anapempha anthu kuti pakati pa usiku wa Chaka Chatsopano ayatse kandulo m'malo mophulitsa makombola achisangalalo. Zonsezi zinayamba kugwira ntchito maola ochepa atangomaliza kulankhula.

Anzanga a ntchito, pano pali mfundo imene imasowa nkhaniyi ikamakambidwa kumudzi. Chiletsochi sichinakhazikitsidwe ngati lamulo lapamsewu. Chinadzera m'lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2002, ndipo cholinga chake chinali kumasula mabedi, okosijeni ndi manja a antchito kuti zipite kwa odwala Covid-19. Kuchepa kwa ngozi zapamsewu kunali mbali imodzi chabe ya cholingacho. N'chifukwa chake boma linatha kuchikhazikitsa usiku umodzi. M'chaka chopanda mliri, boma silingakhale ndi mphamvu yotere popanda kudzera kunyumba ya malamulo, ndipo likadzera kumeneko dziko lonse limadziwiratu tsiku.

Kwathu kuchipinda tinakhala pansi Lachiwiri m'mawa kuti tione ndandanda ya ntchito. Ena ankati anamwino ena asamukire nthawi yomweyo kumawodi a Covid-19, kumene kunali kusowa anthu kwambiri. Ena tinakana. Maganizo athu anali oti anthu ambiri anali atagula kale mowa wa Chaka Chatsopano, ndipo sitinkadziwa ngati apolisi akwanitse kutseka mashabini a m'makomboni. Tikanachotsa anthu n'kudzadzidwa ndi ovulala usiku wa pa 31, panalibe kokawaitana. Tinagwirizana zosunga gulu lonse mpaka pa 2 Januwale, kenako tione. Ndikaganiza lero ndimaona kuti chiganizocho chinali choyenera pa zimene tinkadziwa panthawiyo, ngakhale kuti zotsatira zake zinasonyeza kuti tikanatha kumasula anthu msanga.

Usiku wa pa 31

Ndinalowa ntchito 7 koloko madzulo. Tinakonza zonse monga mwa chaka chilichonse: machubu a pachifuwa, madiripi atakolekedwa kale, zosokera mabala, magazi atayitanitsidwa. Cha m'ma 10 koloko tinali tikudikirabe. Pakati pa usiku tinamva makombola patali, ochepa, ndipo tinayang'anana poganiza kuti tsopano ziyamba. Maambulansi anabwera ndithu, koma mmodzimmodzi, ndipo wodwala aliyense anapeza bedi, namwino ndi dokotala nthawi yomweyo. M'khonde munalibe munthu. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi, unali usiku woyamba wa Chaka Chatsopano umene ndinatsuka bala bwinobwino, osathamangira kwina, n'kufotokozera wodwala chimene ndikuchita.

Kutacha, chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto, chimodzi mwa zipatala zikuluzikulu padziko lonse, chinaika pa Facebook zithunzi za chipinda chake chotsitsimutsira ovulala chilibe wodwala ndi mmodzi yemwe, ndipo chinati n'koyamba m'mbiri yake kuti zitero pa 1 Januwale. Zithunzizo zinazungulira dziko lonse. Mnzanga wina wachikulire, amene wakhala akusoka anthu usiku umenewu kwa zaka zambiri, anaziyang'ana pafoni n'kugwetsa misozi. Ndinamumvetsa. Tonse tinali titazolowera kuganiza kuti magazi a usiku umenewo ali ngati mvula ya Januwale, chinthu chimene chimangobwera, ndipo ntchito yathu ndi kutchera ndowa basi.

Pa 2 Januwale tinamasula anamwino angapo kupita kumawodi a Covid-19, ndipo mabedi ena a ovulala anasanduka a odwala ofuna okosijeni. Masabata otsatirawo ndi amene mliri unapha anthu ambiri zedi, ndipo sindikayika kuti mabedi amenewo anapulumutsa miyoyo.

Wodwala amene sitinamukonzekere

Usiku womwewo wa pa 31, nthawi isanakwane 9 koloko, anyamata awiri anabweretsa bambo wina wa zaka za m'ma 50. Anali thukuta lokhalokha, thupi lotentha, mtima ukuthamanga, manja akunjenjemera, ndipo ankalankhula zosagwirizana. Panthawi imeneyo aliyense wotentha thupi ndi wosokonezeka mutu tinkayamba kumuganizira Covid-19, ndipo anali atalembedwa kale kuti apite mbali ya oganiziridwa matendawa. Koma mpweya wa m'magazi ake unali bwino, sankatsokomola, ndipo shuga anali wotsikirapo. Ndikumuyeza ndinamva akuthamangitsa zinthu zimene ankaziona pakhoma, m'Chichewa. Ndinawerama n'kumuyankhula m'chinenero chathu.

"Bambo, muli m'chipatala, ine ndine wa kwanu. Musachite manyazi, mowa munamwa liti komaliza?"

Anandiyang'ana kanthawi. "Lolemba, a nesi. Lolemba usiku."

Anyamata aja anafotokoza kuti bamboyo ankagwira ntchito ya m'munda kwa bwana wina, ndipo ankamwa tsiku lililonse kwa zaka zambiri, pang'onopang'ono monga mwa ndalama ya tsikulo. Analibe ndalama yogulira wosunga, ndipo wa mseri unali utakwera mtengo moti sakanaukwanitsa. Panali patadutsa pafupifupi masiku atatu. Munthu amene thupi lake linazolowera mowa akasiya mwadzidzidzi, kunjenjemera ndi nseru zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24, kugwa ngati wakhunyu kumabwera kawirikawiri m'masiku awiri oyamba, ndipo kubwebweta koopsa kuja kumafika tsiku lachiwiri mpaka lachinayi. Kumeneku kukhoza kupha munthu ngati sakuthandizidwa. Dokotala analamula diazepam, mankhwala okhazika thupi pansi ndi oletsa khunyu, wobwerezabwereza mpaka atakhazikika, thiamine (vitamini B1) pamodzi ndi shuga wa m'diripi, ndi madzi. Tinamufufuzanso m'mutu ngati anagwa, chifukwa womwa kwambiri akhoza kukhala ndi magazi oundana mkati mwa chigaza popanda bala looneka. Tinamuyezanso Covid-19 monga mwa dongosolo, ndipo sanapezeke nayo. Anatuluka patapita masiku angapo akuyenda yekha.

Akanapita mbali ya Covid-19 usiku umenewo, kumene namwino mmodzi ankayang'anira odwala ambiri atavala zodzitetezera, akanatha kugwa khunyu popanda womuona. Sanali yekha. Masiku oyamba a chiletso chilichonse odwala otere ankabwera, ndipo ife tinali titakonzekera mipeni ndi magalimoto koma osakonzekera iwowa. Kuyambira pamenepo funso la tsiku lomaliza kumwa tinaliika pa mafunso oyambirira kwa aliyense wosokonezeka mutu.

Vuto lina linali mowa wofulula kunyumba. Chiyambireni chiletso choyamba anthu anayamba kufulula ndi zinanazi, shuga ndi yisiti, mpaka zinanazi zinakwera mtengo m'misika. Umenewu pawokha sunkapha. Choopsa chinali pamene ena ankathiramo sipiriti kapena mankhwala opaka m'manja kuti ukhale waukali, ndipo m'madera angapo anthu anafa. Munthu amene wamwa methanol, poizoni wopezeka mu sipiriti ina yotere, amaoneka ngati woledzera wamba poyamba, kenako pakadutsa maola 12 mpaka 24 amayamba kuona mwachimbuuzi, kupweteka m'mimba ndi kupuma mofulumira. Akabwera mmodzi, funsani amene anamwa naye, chifukwa enawo ali m'njira kapena ali kunyumba akuganiza kuti ndi matsire.

Zimene ziwerengero zinaonetsa

Mu Januwale 2021 nduna ya zamtengatenga, Fikile Mbalula, inalengeza kuti anthu 1,448 anafa pamsewu kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 11 Januwale, kutsika ndi 7 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho. Ambiri anadabwa kuti kutsikako n'kochepa chonchi pamene zipinda za ovulala zinali zopanda anthu. Koma tawerengani masiku. Nyengo yonseyo ndi masiku 42, ndipo chiletso chinakhudza 14 omaliza okha. Ulendo waukulu wopita kumidzi, tchuthi cha pa 16 ndi Khirisimasi zonse zinachitika mowa ukugulitsidwa. Ndiponso ngozi za m'misewu italiitali zili ndi zifukwa zina zimene chiletso sichizikhudza: kutopa kwa dalaivala amene wayenda usiku wonse, liwiro, kupitirira pamalo osaoneka kutsogolo, matayala akutha, katundu wopyola muyeso. Disembala ameneyo pa Beitbridge panali mizere ya makilomita ambiri chifukwa cha kuyeza Covid-19, ndipo madalaivala ankatha masiku ali pamzere asanayambe ulendo wotsalawo.

Umboni wamphamvu unachokera ku bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la South African Medical Research Council, limene linkawerenga imfa zolembetsedwa sabata iliyonse. Imfa zosachokera ku matenda, kutanthauza za ngozi, kuphana ndi kudzipha, zinkakhala pafupifupi 1,000 pa sabata m'dziko lino mliri usanabwere. Akatswiri a bungweli ndi a University of Cape Town atayerekeza nyengo zosiyanasiyana, anapeza kuti pamene dziko linatsekedwa kotheratu imfazi zinatsika pafupifupi ndi theka, ndipo pa nthawi zina zimene mowa unaletsedwa kotheratu koma anthu akuyenda masana zinatsika ndi kotala kapena kupitirirapo. Pamene chiletso chinali chapakati, cha masiku ndi maola, sanapeze kutsika kooneka. Kafukufuku wina amene anayang'ana chiletso cha Julayi chokha anapeza kutsika kosachepera 14 peresenti, makamaka pakati pa amuna.

Makampani a mowa anatsutsa, nati chimene chinachepetsa ovulala ndi lamulo loletsa kuyenda usiku. Funsoli ndi loyenera kulifunsa, ndipo ine sindinganene kuti usiku wathu wa pa 31 unali wa chiletso chokha, pakuti malamulo awiriwo anabwera tsiku limodzi. Koma kuyambira pa 15 mpaka pa 28 Disembala lamulo loletsa kuyenda usiku linalipo, mowa ukugulitsidwa, ndipo chipinda chathu chinali chodzaza. Ndimakhulupirira kuti ziwirizi zimathandizana, koma chachikulu ndi mowa.

Mtengo wake unalipo, ndipo sindiubisa. Kampani ya South African Breweries inatengera boma kukhoti mu Januwale 2021 ndipo inaimitsa ndalama zokwana marandi 2.5 biliyoni zimene inafuna kuika m'mafakitale ake. Amene anamva kuwawa kwenikweni ndi anthu wamba ogwira ntchito m'malo odyera, m'mabala ndi m'minda ya mphesa. A kwathu ambiri kuno ndi operekera zakudya ndi otsuka mbale, ndipo ambiri mwa iwo analibe mwayi wolandira chithandizo cha boma. Ndikudziwa mabanja amene Januwale ameneyo sanatumize kalikonse kumudzi, pa nthawi ya fizi ndi feteleza wobereketsa.

Kutsegula, ndi phunziro la Pasaka

Pa 1 Febuluwale pulezidenti analengeza kuti mowa uyambenso kugulitsidwa, patatha masabata asanu. Ulendo uno tinakumbukira za Juni, ndipo tinapempha kuti anamwino athu abwerere sabata yomweyo isanafike Lachisanu. Tinachita bwino, chifukwa Loweruka loyamba ovulala anayambanso kuchuluka.

Chitsanzo chimene chikufanana kwambiri ndi zimene anzanga kumudzi amafunsa ndi cha Pasaka wa 2021. Pa 30 Malichi boma linalengeza kuti masitolo asagulitse mowa wopita nawo kunyumba kuyambira Lachisanu Loyera pa 2 Epulo mpaka Lolemba pa 5 Epulo, koma mabala, mashabini ovomerezeka ndi malo odyera apitirize mpaka 11 koloko usiku. Anthu anali ndi masiku awiri athunthu ogula, ndipo mizere m'masitolo a mowa inatuluka panja. Amene sanagule anapita kukamwera kubala. Ndimaona kuti pa nkhani ya pamsewu dongosolo limeneli linali lotembenuka: linatseka mowa umene munthu amamwera pakhomo pake, n'kusiya umene amayenera kuupitira pa galimoto ndi kubwerako usiku. Anthu oposa 200 anafa pamsewu Pasaka ameneyo, ndipo m'chipinda chathu unali Pasaka wamba.

Kwa anzanga a kumudzi

Wina akafuna kutengera chitsanzochi ku Malawi, ayambe wayang'ana kumene mowa umachokera. Kuno mowa wambiri umapangidwa ndi makampani akuluakulu ochepa, ndipo ngakhale shabini yopanda chiphaso imaoda ku sitolo yovomerezeka, kotero kuti ukatseka fakitale ndi malole, mtsinje wonse umaphwa. Kwathu kachasu ndi masese zimachokera kuseri kwa nyumba, m'midzi ndi m'makomboni, ndipo kutseka mabotolositolo sikuzifika. Tinaona kale ndi mowa wa m'masacheti, umene Zambia inaletsa mu 2012 ndipo Malawi mu 2015: mowa waukali wotchipa unabwereranso m'timabotolo. Ovulala athunso ndi ena. Ambiri ndi oyenda pansi ndi apanjinga m'mphepete mwa M1, okwera kabaza opanda chipewa, ndi odzazana kumbuyo kwa lole pochokera ku ukwati kapena ku mpira. Malire a mowa kwa dalaivala kwathu ndi 0.08, okwera kuposa a kuno.

Sindikunena kuti chiletso n'chosatheka kwathu. Pa chikondwerero cha malo amodzi, monga cha kunyanja kumene anthu amabwera pa galimoto n'kubwerera msewu umodzi, kusiya kugulitsa maola angapo anthu asananyamuke, pamodzi ndi apolisi okhala ndi chipangizo chopumiramo choyezera mowa potulukira, ndi chinthu chimene khonsolo ndi okonza chikondwerero angathe kuchita. Koma a chipatala chapafupi adziwitsidwe, diazepam ndi thiamine zikhalepo ngati chiletso chipitirire tsiku limodzi, ndipo ndandanda ya antchito ikonzedwe poganizira tsiku lotsegula, osati lotseka lokha.

Cholakwa chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha kaundula. Kwa zaka zonse tinkalemba dzina, zaka, bala ndi nthawi, koma panalibe danga lolembapo ngati wovulalayo anamwa. Tonse tinkadziwa ndi mphuno zathu, koma pamene mkangano unafika m'manyuzipepala ndi kukhoti, fungo silinali umboni. Danga limenelo tinalijambula ndi cholembera m'Januwale 2021, chiletso chili kale pakati, moti tinalibe Disembala wakale woyerekeza naye. Lili ndi mafunso atatu: wamwa kapena ayi, anamwera kuti, ndipo ngati ndi ngozi yapamsewu, anali dalaivala, wokwera kapena woyenda pansi. Silitenga ngakhale mphindi imodzi. Namwino wa pa chipatala cha boma chilichonse angathe kulijambula mawa osadikira chilolezo cha ku likulu.

Disembala wotsatira, wa 2021, kunalibe chiletso cha mowa, ndipo pa 30 Disembala boma linachotsanso lamulo loletsa kuyenda usiku. Anthu 1,685 anafa pamsewu m'nyengo ya zikondwerero imeneyo. Ndinali pa ntchito usiku wa pa 31. Bedi loyamba la ofiira linatengedwa nthawi isanakwane 11 koloko, ndi mnyamata amene anagundidwa akudutsa msewu pochokera kokamwa. Pofika 2 koloko matirole anali atafika kumapeto kwa khonde, ndipo wapolisi anali ataima pakhomo ndi dalaivala wake, akuyang'ana wotchi. M'danga lathu lija, tsamba lonse la usiku umenewo linali inde, inde, inde, kupatula mizere yowerengeka.